Mwachita ngozi ya galimoto kudziko la eni: njira yoti a inshuwalansi alipire

Phokoso la zitsulo likangotha pamakhala kachetechete kena kachilendo. Injini yazima, manja akunjenjemera pa chiwongolero, ndipo mwini galimoto inayo watsika kale, akulozaloza bampala yake uku akulalata m'chinenero chimene inu mumangodziwako moni ndi zikomo. Pa nthawi ngati imeneyi palibe amene amaganiza za mapepala. Komatu ndalama zimene mudzalandire kapena kumanidwa miyezi ingapo kutsogoloko zimadalira kwambiri zimene muchite mu ola limeneli ndi m'masiku ochepa amene mwatsala nawo m'dzikomo. Mukangokwera ndege kapena kuwoloka malire, kapepala kalikonse kamene munasiya kamasanduka nkhani ya maimelo osayankhidwa ndi mafoni opita kwa anthu amene anakuiwalani kalekale. Choncho cholinga chanu chikhale chimodzi, kuti potuluka m'dzikolo musatuluke chimanjamanja.

Anthu kaye, zitsulo pambuyo

Imani, yatsani magetsi ochenjeza, ndipo onani ngati pali wovulala m'galimoto yanu ndi inayo. Nambala ya 112 imagwira m'mayiko onse a European Union, 999 ku United Kingdom, 911 ku United States ndi ku Canada. Ku South Africa apolisi ali pa 10111, ndipo 112 imagwiranso pa foni ya m'manja. Ku France lamulo limafuna kuti muvale kajekete kowala kaja musanatsike, kenako muike chizindikiro cha ngodya zitatu kumbuyo kwa galimoto.

Kuchoka pamalo a ngozi ndi mlandu pawokha, ndipo nthawi zina umalemera kuposa ngoziyo. Ku Germany, ngakhale mutangokanda galimoto yoimikidwa, kusiya kapepala ka nambala yanu pa galasi n'kumapita sikokwanira. Muyenera kumudikira mwiniwake kwa kanthawi, ndipo akapanda kubwera mukanene ku polisi msanga. Koma pali malo ena pamene khamu limasonkhana ndi ukali, makamaka mukagunda woyenda pansi. Mukaona kuti moyo wanu uli pachiswe, lunjikani ku polisi yapafupi mukadzinenere nokha, osapatukira kwina.

Ngati mwamenyetsa mutu kapena khosi lachita kuuma, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mukuona ngati n'zazing'ono. Ululu wa khosi ndi msana umakonda kudzuka mawa kapena mkuja. Wa inshuwalansi akaona kuti munakaonana ndi dokotala patatha milungu iwiri, funso lake limakhala lakuti tidziwa bwanji kuti n'za ngozi imeneyi.

Apolisi ndi kanambala kawo

Pakakhala wovulala, apolisi aitanidwe, kulikonse kumene muli. Pakangoonongeka magalimoto okha, dziko lililonse lili ndi kachitidwe kake. Ku South Africa muyenera kukanena ngoziyo ku polisi pasanathe maola 24, ndipo amakupatsani nambala ya lipoti imene kampani ya inshuwalansi idzaifuna. Ku United Kingdom maola 24 omwewo amagwira ngati simunapatsane maina ndi ma adiresi pamalopo. Ku United Arab Emirates galaja siikhudza galimoto yochita ngozi popanda lipoti la apolisi. Ku France apolisi kawirikawiri sabwera n'komwe ngati palibe wovulala, madalaivala amalemberana okha.

Kwa mlendo, ine ndimati aitaneni basi. Akakana kubwera, lembani nthawi imene munaimba ndi zimene anayankha. Akabwera, musawalole kupita musanatenge dzina kapena nambala ya wapolisiyo, dzina la siteshoni yake, ndi nambala ya nkhaniyo. Lipoti lenileni limatha kutenga masiku kapena milungu, ndiye funsani kuti lidzatengedwa kuti, ndani angakutengereni, ndipo ngati angathe kulitumiza pa imelo. Ngati pali cholipira, lipirani pa ofesi ndipo mutenge lisiti.

Akakupatsani chikalata choti musaine cholembedwa m'chinenero chimene simumva, pemphani womasulira. Akaumirira, lembani pamwamba pa siginecha yanu, m'chinenero chimene mumadziwa, kuti simunamve zolembedwazo. Zikafika pokulandani pasipoti kapena kukusungani m'chitokosi, pemphani kuti adziwitse ofesi ya kazembe wa dziko lanu. Ufulu umenewu uli m'pangano la ku Vienna la 1963 lokhudza ntchito za akazembe. Kazembe sakulipirirani loya kapena chindapusa, koma angakupatseni maina a maloya ndi omasulira, n'kudziwitsa abale anu.

Samalani pakamwa

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Pamalo a ngozi mawu amenewa ndi enieni. Munthu waulemu amafulumira kunena kuti pepani, ndalakwa ndine, pofuna kuziziritsa mitima. Funsani ngati mnzanuyo ali bwino, muthandizeni, koma za amene walakwa musagamule. Pafupifupi pangano lililonse la inshuwalansi limaletsa kuvomera mlandu kapena kulonjeza malipiro kampani isanavomereze. Komanso kudziko la eni mwina simukudziwa n'komwe amene amayenera kudutsa poyamba. Ku France ndi ku Belgium, pamphambano yopanda chikwangwani, wochokera kudzanja lamanja ndiye amadutsa, ngakhale akutuluka m'kamsewu kakang'ono. Mlendo angadzione wosalakwa pamene walakwa, kapena kudziimba mlandu pamene lamulo lili kumbali yake.

Za kuthetsa nkhani ndi ndalama zapamanja, ndikudziwa kuti zimakopa, makamaka ndege ikakhala ya mawa. Vuto lake ndi lakuti munthu amene walandira ndalama zanu lero angathe kukadandaula ku kampani yake sabata yamawa, n'kunena kuti khosi likumupweteka, inu mulibe umboni uliwonse. Akakhala iye wofuna kukupatsani ndalama kuti musaitane apolisi, dzifunseni chimene akubisa. Kawirikawiri ndi mowa, laisensi, kapena inshuwalansi yomwe inatha.

Foni yanu igwire ntchito

Magalimoto asanasunthidwe, ngati n'kotheka popanda kuika moyo pangozi, jambulani. Anthu ambiri amathamangira kujambula pafupi pamene papindika, n'kuiwala chithunzi chimene chimagamula mlandu, chija chojambulidwa chapatali choonetsa magalimoto onse awiri, mizere ya pamsewu, zikwangwani ndi maloboti. Bwererani m'mbuyo mapazi makumi awiri, jambulani mbali zonse zinayi. Kenako mizere ya mabuleki pa tala, magalasi osweka pamene agwera, dzenje kapena mafuta ngati alipo, dzina la msewu. Mukatero yandikirani pa zoonongeka, za galimoto yanu ndi za inayo, kuphatikizapo mabala akale amene mnzanuyo angadzafune kukukankhirani.

Kwa dalaivala winayo tengani dzina lonse, adiresi, foni, nambala ya galimoto ndi dziko limene inalembetsedwa, dzina la kampani yake ya inshuwalansi ndi nambala ya pangano lake. Musadalire kulemba pamanja zimene akukuuzani pakamwa. Jambulani laisensi yake ndi chikalata cha inshuwalansi, chifukwa 0 ndi O, kapena 1 ndi 7 wolembedwa mwachilendo, zasocheretsa madandaulo ambiri. Ngati ndi thiraki yokoka ngolo, jambulani nambala zonse ziwiri, ya mutu ndi ya ngolo, chifukwa zimatha kukhala za eni osiyana ndi inshuwalansi zosiyana. Ngati woyendetsayo si mwini galimoto, tengani dzina la mwiniwake.

Mboni zimabalalika msanga. Amene waima n'kunena kuti ndaona zonse, mutengeni nambala nthawi yomweyo, ndipo akalola, mujambuleni mawu ake kwa mphindi imodzi. Ngati m'galimoto muli kamera, chotsani kakhadi kake, chifukwa makamera ambiri amafufuta zakale akamajambula zatsopano. Usiku womwewo tumizani zithunzi zonse ku imelo yanu ndipo lembani nkhani yonse mmene mukuikumbukira: nthawi, nyengo, liwiro, amene ananena chiyani. Pakatha mwezi mutu umayamba kudzaza mipata ndi zongoganiza.

Fomu ya buluu ndi chikasu

Ku Ulaya kuli chikalata chimodzi chimene muyenera kuchidziwa musanachione koyamba m'manja mwa munthu wokwiya. Pa Chingerezi amati European Accident Statement, ku France amati constat amiable. Ndi mapepala awiri omatana, lapamwamba likalembedwa zimadindikira pansi. Mbali ya kumanzere ndi ya buluu, ya galimoto A. Mbali ya kumanja ndi yachikasu, ya galimoto B. Ubwino wake ndi wakuti kapangidwe ndi manambala ake n'zofanana m'zinenero zonse, ndiye mutha kuika fomu ya chinenero chanu pambali n'kumatsatira mzere ndi mzere pamene mukulemba ya Chitaliyana kapena Chijeremani.

Pakati pake pali mzere wa timabokosi 17. Kalikonse kakunena zimene galimoto inkachita: inali itaima, inkatuluka pamalo oimikapo, inkalowa pa roundabout, inkasintha mbali ya msewu, inkapitirira inzake, inkabwerera m'mbuyo, sinalemekeze chikwangwani kapena loboti yofiira. Timitanda timene muike m'timabokosi timeneti ndi timene makampani amayang'ana poyamba pogawa mlandu, kuposa nkhani yaitali imene mungalembe pambuyo pake. Pansi penipeni pa mzerewo pali malo olembapo kuchuluka kwa mitanda imene mwaika. Musadumphe pamenepo. Mukasiya popanda kanthu, munthu wachinyengo atha kuonjezera mtanda kumbali yanu mutasiyana.

Pali bokosi lojambulamo mapu a ngoziyo. Jambulani misewu, mivi yoonetsa kumene aliyense amalowera, zikwangwani, ndipo lembani A ndi B moonekera. Pali malo a ndemanga, ndipo ngati simukugwirizana ndi zimene mnzanuyo walemba, nenani pamenepo. Kusaina fomuyi sikuvomera mlandu, koma ndi kuvomereza kuti zolembedwazo ndi zoona, ndipo mukalekanitsa mapepala awiriwo simuloledwa kusinthanso kanthu. Mukaona kuti mukukakamizidwa kusaina zimene simukumva, musasaine. Lembani fomu yanu nokha, tengani nambala ya galimoto yake, nkhaniyo idzayenda ndi zithunzi ndi mboni.

Imbani tsiku lomwelo

Kampani yanu idziwe lero, ngakhale mukuona kuti wolakwa ndi winayo, ngakhale simukufuna kuti ikulipireni kanthu. Mapangano ambiri amati ngozi iliyonse inenedwe msanga, ndipo ena amatchula masiku. Ku France, mwachitsanzo, lamulo limapereka masiku 5 ogwira ntchito. Kuchedwa ndi chifukwa chosavuta chimene kampani ingagwiritse pochepetsa kapena kukana malipiro.

Nambala zaulere zambiri sizigwira mukaimba muli kunja, ndiye yang'anani pa chikalata chanu nambala yoyamba ndi chizindikiro cha dziko. Mukalumikizana nawo, pemphani nambala ya claim yanu, ndiye kuti dandaulo lanu lofuna malipiro, ndi dzina la amene mukulankhula naye. Safunsa anadya phula, choncho funsani mosachita manyazi: kodi galimoto ikokedwe ndi ndani ndipo ipite kuti, kodi mungayambe kukonzetsa kapena mudikire wodzaunika, kodi malo ogona ndi galimoto ina yoyendera alipira, kodi ndalama zoyamba zimene mumalipira nokha, zija amati excess, ndi zingati mukakhala kunja. Mukatha kulankhula tumizani imelo yobwereza zimene mwagwirizana. Lonjezo la pafoni limauluka, la pa imelo limakhala.

Ngati muli ndi inshuwalansi ya paulendo, iwonso aimbireni padera, makamaka pa za chipatala. Ambiri amafuna kuvomereza kaye musanagonekedwe m'chipatala cholipira.

Kodi pepala limene muli nalo limalipira chiyani

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa mphwayi, chifukwa amazindikira mochedwa kuti khadi limene anaonetsa pamalire silikonzetsa galimoto yawo.

Green Card, khadi la inshuwalansi ya galimoto loonetsa pamalire, inakhazikitsidwa mu 1949 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1953. Lero ili m'mayiko oposa 40, a ku Ulaya pamodzi ndi ena monga Morocco, Tunisia ndi Turkey, ndipo likulu lake, Council of Bureaux, lili ku Brussels. Kum'mawa ndi kumwera kwa Africa kuli Yellow Card ya COMESA, imene inayamba mu 1987 ndipo imagwira m'mayiko monga Kenya, Uganda, Zambia, Zimbabwe, Ethiopia ndi Tanzania, ngakhale Tanzania si membala wa COMESA. Kumadzulo kwa Africa kuli Brown Card ya ECOWAS ya mu 1982, ndipo mayiko a Aluya ali ndi Orange Card. Makhadi onsewa ntchito yawo ndi imodzi: kutsimikiza kuti muli ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, ija timati third party, pa mlingo umene lamulo la dziko lomwe mwafikalo limafuna. M'dziko lililonse muli ofesi yoimira khadilo, ndipo ndi imene imalandira dandaulo la munthu amene mwamugunda. Idziwitseni msanga, ndipo munthuyo mumupatse nambala ya khadi lanu. Khadi lenilenilo musamusiyire.

Galimoto yanu imakonzedwa ndi inshuwalansi ya comprehensive, ija yolipira zoonongeka zanu ndi za ena zomwe, ndipo funso ndi lakuti kodi comprehensive yanuyo inawoloka nanu malire. Mapangano ena amatsika kukhala third party yokha mukangotuluka m'dziko. Ena amakutetezani masiku owerengeka, monga 30 kapena 90, m'mayiko otchulidwa maina. Ena amafuna kuti muwauze musananyamuke. Tsegulani chikalatacho, pezani ndime yonena za mayiko, muiwerenge musanakangane ndi aliyense.

Mayiko ena ali ndi dongosolo lawolawo. Ku South Africa, Road Accident Fund imapeza ndalama kuchokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, ndipo imalipira ovulala ndi mabanja a omwalira, koma siilipira galimoto kapena katundu woonongeka. Lamulo kumeneko silikakamiza munthu kukhala ndi inshuwalansi ya katundu wa ena, ndiye amene wakugundani atha kukhala wopanda chilichonse. Botswana ndi Namibia nawo ali ndi thumba lotere la msonkho wa mafuta. Ku Mexico amafuna third party yochokera ku kampani yovomerezeka m'dzikomo, moti ya ku United States payokha siikwanira. Ku New Zealand bungwe la ACC limathandiza aliyense wovulala pangozi, mlendo yemwe, posayang'ana wolakwa, koma zikatero mwayi wosumira munthu chifukwa cha kuvulalako umakhala wotsekeka pafupifupi kotheratu.

Laisensi nayo ili m'nkhaniyi. Ngati dzikolo limafuna International Driving Permit inu mulibe, kampani ingathe kunena kuti munkayendetsa popanda chilolezo. Ziphasozi zilipo za mitundu yosiyana, ya pangano la ku Geneva la 1949 ndi ya pangano la ku Vienna la 1968, ndipo Japan, mwachitsanzo, imalandira ya 1949.

Ikakhala galimoto ya hayala

Woyamba kumuimbira mukatha apolisi ndi kampani imene inakubwereketsani, pa nambala imene ili pa pangano kapena pa kiyi. Musakokere galimoto ku galaja ya kufuna kwanu, musakonzetse ngakhale nyali imodzi. Chitetezo chimene amagulitsa pa kauntala, chija amati CDW, chimachepetsa ndalama zimene mungalipire kufika pa excess, koma nthawi zambiri sichikhudza matayala, galasi lakutsogolo, denga, kunsi kwa galimoto ndi makiyi. Chimafafanizikanso chonse ngati amayendetsa ndi munthu wosalembedwa pa pangano, ngati munamwa, kapena ngati munawoloka malire popanda kalata yawo.

Ine zinandionekerapo. Ndinabweza galimoto m'bandakucha, ofesi isanatsegulidwe, ndinaponya kiyi m'kabokosi n'kuthamangira ndege. Patatha milungu ingapo ndinangoona ndalama zadulidwa pa khadi la kubanki, ati chifukwa cha chitseko chokandika. Kukandikako ndinakupeza pomwepo tsiku lotenga galimotoyo, koma sindinajambule, ndipo pa pepala lolandirira sipanalembedwe. Ndinalemba makalata anayi, yankho linali limodzimodzi: tionetseni umboni. Kuyambira pamenepo ndimazungulira galimoto ndi foni potenga ndi pobweza, ngakhale wa pa kauntala aziyang'ana wotchi.

Pakachitika ngozi yeniyeni, kampaniyo imadula excess pa khadi lanu kaye, zokambirana pambuyo. Ngati munagula inshuwalansi ina yobweza excess, kapena khadi lanu la kubanki lili ndi chitetezo chotere, mumalipira kenako n'kukaitanitsa. Kuti akubwezereni adzafuna pangano la hayala, pepala loonetsa mmene galimoto inalili potenga ndi pobweza, lipoti la zoonongeka, invoisi ya kukonza yolemba chinthu chilichonse pachokha, umboni wa ndalama zimene zinadulidwa, ndi lipoti la apolisi. Zonsezi zipempheni muli pa kauntala pomwepo. Yang'ananinso ngati aonjezera ndalama za masiku amene galimoto yakhala osagwira ntchito ndi za ntchito ya mu ofesi, chifukwa si inshuwalansi iliyonse imene imabweza zimenezo.

Galimoto yanu yatsala kudziko la eni

Musalole kuti ikokedwe ndi aliyense wongotulukira. Magalimoto okoka ena amafika apolisi asanafike, amakusainitsani kapepala, kenako galimoto imakatsekeredwa pabwalo pamene ndalama zosungira zimakwera tsiku ndi tsiku. Funsani kampani yanu kaye. Ngati apolisi ndi amene alamula kuti ichotsedwe, lembani kumene yapita ndi mtengo wa tsiku limodzi, ndipo chotsanimo mapepala ndi katundu yense.

Kampani idzasankha chimodzi mwa zitatu: kukonzetsa komweko, kuibweretsa kwanu, kapena kuiona kuti yatheratu n'kukulipirani mtengo wake wa pamsika. Kubweretsa galimoto kawirikawiri amavomera pokhapokha ngati mtengo wonyamulira sukuposa mtengo wa galimotoyo. Mukakonzetsa komweko ndi chilolezo chawo, pemphani kuti makaniko alembe mtengo asanayambe, ajambule ziwalo zimene wachotsa, ndipo invoisi ikhale ndi nambala ya galimoto ndi chidindo cha galaja.

Chimene ambiri amaiwala ndi a msonkho wa pamalire. Galimoto yanu inalowa m'dzikomo ndi chilolezo cha kanthawi, kapena ndi kabuku ka a msonkho kotchedwa Carnet de Passages, polonjeza kuti idzatulukanso. Ikafera komweko, m'mabuku awo imaoneka ngati munaigulitsa mozemba msonkho. Pitani ku ofesi yawo ndi lipoti la apolisi ndi kalata ya wounika, akulembereni kuti galimotoyo yaonongeka kapena yaperekedwa m'manja mwawo, ndipo adinde. Popanda chidindo chimenecho, ndalama za chikole zimene munasiya potenga Carnet sizibwerera, ndipo msonkho ungakutsatireni kwanu. Ngati kukonza kutenga nthawi yoposa masiku a chilolezo, kaonjezereni chisanathe.

Wolakwa akakhala winayo

Muli ndi njira ziwiri. Ngati comprehensive yanu ikugwira, yosavuta ndi kulola kampani yanu ikulipireni, iyo ikalimbane ndi kampani ya winayo. Mudzayamba mwalipira excess, ndipo idzabwezedwa mlandu ukagamulidwa. Ngati mulibe comprehensive, muyenera kudandaula nokha ku kampani ya wolakwayo.

Dziwani kuti nkhaniyi imayendera lamulo la dziko limene ngozi inachitikira, osati la kwanu. Mu European Union mfundo imeneyi ili m'lamulo lotchedwa Rome II, limene linayamba kugwira ntchito mu 2009, ndipo mayiko ena amatsata pangano la ku Hague la 1971, lomwenso nthawi zambiri limaloza komwe ngozi inachitikira. Lamulo la kumeneko ndi limene limanena zimene zingalipidwe, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene muli nayo. Nthawiyo imasiyana modabwitsa. Ku Spain ndi chaka 1 chokha. Ku Italy ndi zaka 2 pa ngozi za pamsewu. Ku Germany ndi zaka 3, kuwerenga kuyambira kumapeto kwa chaka. Ku England ndi zaka 3 pa kuvulala, pamene ku France wovulala ali ndi zaka 10. Ku Road Accident Fund ya ku South Africa ndi zaka 3 ngati woyendetsa kapena mwini galimoto akudziwika, koma zaka 2 ngati anathawa osadziwika. Munthu amene akuwerengera zaka za kwawo angadzidzimuke chitseko chitatsekedwa kale.

Amene amakhala m'dziko la European Union ali ndi mwayi wina. Kampani iliyonse ya inshuwalansi ya magalimoto kumeneko imayenera kukhala ndi woiimira m'mayiko ena onse a mgwirizanowo, ndiye wogundidwa ku Portugal atha kudandaula ali kwawo ku Ireland m'chinenero chake, ndipo ayenera kuyankhidwa momveka pasanathe miyezi 3. Okhala ku United Kingdom anataya njira imeneyi kuyambira mu 2021. Wochokera kunja kwa mgwirizanowo kawirikawiri amalemba mwachindunji ku kampani ya wolakwayo.

Wokugundani akakhala wopanda inshuwalansi kapena wothawa, funsani ngati dzikolo lili ndi thumba lolipira anthu otere. United Kingdom ili ndi Motor Insurers' Bureau kuyambira 1946, ndipo mayiko a European Union onse ali ndi thumba lotere. Mathumba amenewa amaumirira kwambiri lipoti la apolisi, ndipo ena ali ndi malire pa alendo ochokera kutali.

M'kalata yanu ya dandaulo ikani tsiku, malo, nambala za magalimoto, nambala ya lipoti la apolisi, nkhani yachidule, ndi mndandanda wa zimene mwataya, chilichonse ndi lisiti lake: kukoka, kusunga, kukonza, malo ogona, tikiti imene munasintha, mankhwala, masiku amene simunagwire ntchito. Tumizani makope, zenizeni sungani. Lembani ndalama mu ndalama ya dziko limene munalipira, ndipo sungani sitetimenti ya kubanki yoonetsa mmene zinasinthidwira tsiku limenelo. Akafuna kuti mapepala amasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka, funsani kaye amene alipire ntchitoyo.

Pa galimoto yokha mutha kuyendetsa nkhani nokha. Pakakhala kuvulala kwenikweni pezani loya wodziwa lamulo la dziko limenelo, ndipo onani ngati inshuwalansi yanu ya galimoto kapena ya paulendo ili ndi gawo lolipira maloya, chifukwa ambiri ali nalo osadziwa.

Akamazengereza kapena kukana

Madandaulo owoloka malire amachedwa, miyezi ingapo si chachilendo. Muzilemba imelo yaifupi milungu iwiri iliyonse, nambala ya claim ili pamutu, yofunsa chimene chatsala ndi amene akuchidikira. Nthawi zambiri mupeza kuti fayilo yaima chifukwa cha pepala limodzi limene palibe anakuuzani.

Akakana, pemphani kuti alembe chifukwa chake ndi ndime ya pangano imene aimirapo. Akapereka ndalama zochepa pa galimoto yotheratu, sonkhanitsani malonda a magalimoto ofanana nayo chaka, mtundu ndi makilomita, a kumsika wa kwanu kumene mukagule ina, muwatumizire. Zikakanika, lembani dandaulo ku nthambi ya madandaulo ya kampaniyo, kenako kwa woyang'anira makampani a inshuwalansi kapena ombudsman, mkulu womva madandaulo, wa dziko limene kampaniyo inalembetsedwa. Ku United Kingdom kampani ili ndi milungu 8 yoti iyankhe, ndipo mukalandira yankho lomaliza muli ndi miyezi 6 yopitira kwa Financial Ombudsman Service.

Pomaliza adzakutumizirani chikalata choti musaine chonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu. Chiwerengeni bwino ngati chikunena za galimoto yokha kapena chaphatikiza ndi thupi lanu. Ngati mukadali kumwa mankhwala kapena dokotala sananene kuti mwachira mpaka pati, pemphani kuti za galimoto zitsekedwe pazokha, za kuvulala zikhale zotsegula, ndipo ngati mukusowa ndalama za chipatala pakali pano, pemphani kuti akupatseniko gawo lina mongoyembekezera.